Tambula ya Elube

Ndayenda m'malo ambiri, koma mukandifunsa mayina ake mungondivutitsa. Midzi ndi matauni zinasakanikirana m'mutu mwanga ngati nyemba za m'thumba limodzi. Uku kunali msika wafumbi, uko kunali njanji, kwina kunali chitunda chomwe m'mawa chinkabisala m'nkhungu. Zaka nazonso sindinaziwerenge. Chomwe ndimachiona bwinobwino ndikatsinzina ndi tambula imodzi ili pawindo, yovundikiridwa ndi sosala.

Bambo athu anali khukhi m'nyumba ina yaikulu ya m'tauni, ndipo kumudzi ankabwera kawiri pachaka. Chaka china anatulukira m'chilimwe, dzuwa likuswa mtengo, atanyamula ndowa yokulunga ndi chiguduli chonyowa. M'ndowamo munali utuchi, mu utuchimo munali ayisi, ndipo pakati pa ayisiyo panali kachitini ka ayisikilimu. M'chikwama anatulutsamo mabotolo awiri a dirinki ndi magalagadeya angapo okwinyika.

"Tsukani matambula a m'kabati aja," anauza amayi. "Lero alendo ndife tomwe."

Mlongo wanga wamng'ono, Elube, pakhomo panalibe. Anali atapita kuchigayo ndi azakhali, ndipo chigayocho chinali kutali, kutsidya kwa dambo. Bambo anafinyira magalagadeya m'matambula, anaikamo chibulunga cha ayisikilimu, kenako n'kuthira dirinki pang'onopang'ono. Chibulunga chija chinadzuka pansi n'kuyandama, thovu linakwera mpaka pakamwa pa tambula, ine n'kuseka ngati ndaona matsenga. Bambo anapanga matambula atatu. Amayi anakankhira patsogolo pawo yachinayi.

"Nanga ya mwana?"

"Izi sizisungika, Nangondo. Zimafuna kumwa pomwepo."

"M'nyumba muno sitidya chinthu osasungira amene wachoka. Ngakhale ziwala timasunga."

Bambo anadziwa kuti mlandu umenewo sangauwine, ndiye anapanga. Amayi anavundikira tambulayo ndi sosala, anaiika pawindo podutsa kamphepo, n'kundiuza kuti ndiziilondera kuopa mphaka. Anaiwala kuti amphaka ena amayenda ndi miyendo iwiri.

Ndinavundukula kamodzi, kungofuna kuona. Chibulunga chinali chitachepa. Nditavundukulanso ndinapeza chachepanso. Ndinadziuza kuti ngati chinthu chikutha chokha, kuli bwino chithere mwa munthu, ndipo ndinatenga supuni. Sindinganame, chinakoma kuposa changa chija.

Elube anafika dzuwa litapendeka, ufa uli mbuu m'nsidze. Amayi anamuuza kuti bambo abwera ndi chakumwa choyandama, n'kumupatsa tambula yake. Munali madzi achikasu, ofunda, otha gasi. Anamwa onse ali chiimire, n'kupukuta pakamwa ndi kuseri kwa dzanja.

"Nanga choyandamacho chili kuti?"

"Chasungunuka," ndinayankha msangamsanga.

Anandiyang'ana kanthawi. "Oo. Zikomo pondisungira, achimwene."

Mvula isanagwe kawiri bambo anatisiya, amayi n'kuwatsatira. Amalume anatenga Elube, ine ndinaganiza zokasaka ntchito. Elube anandiperekeza mpaka kumsewu atandinyamulira kachikwama, ndipo basi ikubwera ndinamulonjeza kuti ndidzabwera kudzamupangira chenicheni, choyandama, chathovu. Iye anati, "Mungobwera basi." Mawu amenewo ndinawamva ndi khutu limodzi.

Tauni yoyamba inali ya fumbi ndi njinga. Kumeneko ndinagwa m'manja mwa a Bizaliyeli, mkulu wogulitsa ayisikilimu pa njinga ya bokosi kutsogolo. Mawondo awo anali atatopa, choncho ine ndinkapalasa, iwo n'kumayenda pambali akuliza belu. Anandiphunzitsa kuyala ayisi ndi mchere, kutseka mipata ndi nyuzipepala, ndiponso kuimika njinga kumene mthunzi ukupita, osati kumene ukuchoka. Koma ndinali ndi chizolowezi chotsegula bokosi pafupipafupi kuti ndione ngati katundu akadali wolimba. Tsiku lina anandigogoda dzanja ndi belu.

"Iwe, chimene chimasungunula ayisikilimu si dzuwa ayi. Ndi munthu wosuzumira."

Ndinaseka nawo, koma mawuwo anandilasa.

Uthenga wa kumudzi unkandipeza kulikonse kumene ndinali. Nthawi zonse unkabwera ndi munthu wotsika basi, wa fumbi m'miyendo, amene nkhope yake ndinkaiiwala akangotembenuka. Ulendo woyamba anandipeza pa geti la sukulu ndikugulitsa, n'kundiuza kuti Elube akukwatiwa ndipo akuti ndibwere. Ndinayang'ana bokosi langa. Ayisikilimu ndinali naye, koma zipatso sindinkazidziwa. Ndinali nditayesapo kawiri, ndipo zinatuluka zowawasa zoti munthu n'kutsinzina. Ndinati sindingapite ku ukwati wa mlongo wanga ndi chinthu chosapsa, ndiye ndinangotumiza chitenje. A Bizaliyeli atagulitsa njinga n'kubwerera kwawo anandisiyira belu lija, ndipo ine ndinapitirira ulendo.

Kenako ndinakhala m'mudzi wa m'mbali mwa msewu, pachitunda pomwe mabasi ankafika ali wefuwefu, amayi n'kumathamangira m'mawindo ndi malichero a zipatso. Ndinkasenzera madengu a Nasiyaya, mayi wamfupi wosadziwa kunong'ona. Tsiku loyamba anandipatsa magalagadeya kuti ndisankhe. Ndinaika osalala, onyezimira, m'lichero, okwinyika n'kumaponyera pambali.

"Tabwerani mudzaone," anaitana anzawo. "Amuna ndi amodzimodzi. Akutaya okoma, akuthamangira osalala."

Amayi onse anandiseka mpaka basi ina inadutsa osagulitsa kanthu. Atatha kuseka, a Nasiyaya anandiphunzitsa. Galagadeya wotsekemera ndi amene khungu lakwinyika koma m'dzanja akulemera. Chinanazi umachinunkhiza kunsi, ndipo tsamba la pakati pa chisoti chake likazuka losavuta ndiye kuti chapsa. Posefa madzi ake ugwiritse kansalu koyera, koma nthanga zitatu kapena zinayi uzibwezeremo, kuti womwayo adziwe kuti si za m'paketi.

Madzulo ena, msika ukutha, ndinawaona akusankha mango awiri abwino kwambiri, n'kuwaika m'mbale, n'kuvundikira ndi mbale inzake.

"Mukusungira ndani, mayi?"

"Mwana wanga. Anapita kukasaka ntchito ngati iwe."

"Abwera lero?"

"Ndingadziwe bwanji? Akapanda kubwera mawa ndidya ndekha, n'kuikamo ena."

Ndinawamvera chisoni, ndipo mwana wawoyo ndinamunyoza mumtima kuti ndi wopanda khalidwe. Paja anyani amasekana zikundu. Pachitunda pomwepo munthu wa fumbi m'miyendo anasuzumira pawindo la basi n'kundiuza kuti Elube wachira, ndi mwana wamkazi, dzina lake Edesi, ndipo akuti ndibwere ndidzamuone. Tsopano zipatso ndinkazidziwa, koma m'mudzimo munalibe magetsi, ayisi kunalibe. Ndinakweza dengu la zinanazi pabasi yomweyo, ine n'kutsala.

Malo amene ndinakhalitsa anali nyumba yogona alendo, pafupi ndi njanji, m'tauni yotentha yomwe sitima inkadutsa ikafuna. Khukhi wa pamenepo anali Che Ajusa, mkulu wochepa thupi, wa kachisoti koyera, woyankhula ngati akuopa kudzutsa mwana. Iwo ndi amene analumikiza zonse zomwe ndinatola m'njira.

"Tambula izizire kaye, aphwanga. Madzi a zipatso pansi, zala ziwiri basi. Zibulunga ziwiri, musachite dyera. Ndiye mupendeketse tambula, dirinki itsetsereke m'mbali mwakachetechete, ngati munthu wolowa mu mzikiti mochedwa. Mukathira pamutu thovu limakwiya, limasefukira. Muime, lipume, kenako muwonjezere."

Ndinaphunzira mpaka dzanja linkachita lokha. Tsiku lina mlendo wina anaitanitsa chakumwacho, n'kunena kuti ayambe wakasamba. Ine ndinapanga msanga, ndinaika pathebulo pake, ndipo mosaganiza ndinavundikira ndi sosala. Potembenuka ndinapeza Che Ajusa ataima kumbuyo kwanga. Anachotsa sosala ija, anaitana mayi wosesa n'kumupatsa tambulayo kuti amwe.

"Chakumwa ichi sapangira munthu amene palibe," anatero. "Ayambe wakhala pansi, mumuone m'maso, ndiye mutsegule botolo. Za sosalazi munazitenga kuti?"

Ndinawafotokozera zonse, za ndowa ya bambo, za windo, ngakhale za supuni, zomwe ndinali ndisanauzepo munthu. Anamvetsera akugwedeza mutu.

"Pepani kwambiri. Anamwalira liti mlongo wanuyo?"

"Ali moyo."

"Ali moyo? Nanga kuno mukutani?"

"Ndilibe matambula abwino," ndinatero.

Che Ajusa anangotenga kansalu n'kuyamba kupukuta thebulo lomwe linali loyera kale.

Uthenga wachitatu unandipeza komweko. Unali wakuti alamu anga amwalira ndipo Elube akuti ndibwere. Ndinadziuza kuti pamaliro sipoyenera chakumwa chotsekemera, ndipo ndinatumiza thumba la mpunga. Zoona zake n'zakuti ndinkachita manyazi. Chaka chilichonse chomwe ndinkachedwa, ndinkaona kuti chakumwacho chiyenera kukoma koposa kuti chiphimbe kuchedwako, ndipo palibe chakumwa chomwe chikanakoma choncho. Elube ndinkamusowa tsiku ndi tsiku, koma nkhope yake ndinkaiopa.

Che Ajusa atadwala anandiitanira kuchipinda kwawo n'kundiuza kuti ndikoke katoni yomwe inali kunsi kwa bedi. Munali matambula awiri aatali ndi supuni yaitali, zokulunga m'nyuzipepala yomwe inali itasanduka yachikasu.

"Ndinagula kuti ndidzamwere ndi mwana wanga akadzabwera kudzandiona," anatero. "Tengani, aphwanga. Chifukwa chanu chija chatha."

Tinawaika m'manda sabata yomweyo. Mwina mukuganiza kuti ndinanyamuka pomwepo kupita kwathu. Ayi ndithu. Ndinazunguliranso matauni awiri kapena atatu, katoni ili pamutu, belu lili m'thumba, imvi zikumera. M'tauni ina ndinkatsuka mbale, m'tauni ina ndinkalondera geti, ndipo kulikonseko, ndikasuzumira m'nyumba za anthu, ndinkaona mbale yovundikira ili pathebulo ikudikira winawake. Ndinkangofulumiza miyendo.

Munthu wa fumbi m'miyendo anandipeza komaliza pa siteji ya mabasi. Nayenso anali atakalamba.

"Elube akuti mubwere basi, musanyamule kanthu. Maso ake ayamba kuchita nkhungu. Akuti akufuna akuoneni asanatsekeretu."

Za kusanyamula kanthuzo sindinazimvere, koma basi ndinakwera. Pamsika wa kufupi ndi kwathu ndinapeza pafika magetsi, ndipo m'golosale ina munali firiji. Ndinagula ayisikilimu, ayisi ndi botolo la dirinki. Ndinayala zonse m'ndowa ndi mchere ndi nyuzipepala monga a Bizaliyeli, ndinasankha magalagadeya okwinyika monga a Nasiyaya, n'kuuyamba wapansi kudutsa dambo lija. Mtima unkandiuza kuti ndisuzumire ngati zikadali zolimba. Sindinatsegule ndowayo ngakhale kamodzi.

Elube anali atamanga nyumba ya njerwa pabwinja la amayi. Ndinamupeza masana atakhala pamkeka pakhonde, akutongola chimanga mopapasa, tsitsi lili mbuu ngati wachokeranso kuchigayo. Ndisanaodire n'komwe anadzutsa mutu.

"Kukoka phazi kumeneko ndi kwa bambo athu. Ndiye poti akufa sayenda masana, ndinu achimwene."

Ndinagwada pambali pake. Anandigwira kumaso ndi manja onse awiri, anapapasa masaya, mphumi ndi dazi.

"Mwakwinyikatu."

"Akuti okwinyika ndiye okoma."

"Anakunamizani ndani?" anatero, akuseka ndi misozi yomwe.

M'nyumba munatuluka mayi wamkulu ndithu, wonenepa bwino, ndipo anagwada n'kundipatsa moni kuti, "Takulandirani, amalume." Ameneyu anali Edesi, khanda lija ndinalitumizira zinanazi. Ndinamupempha mpeni ndi kansalu koyera, n'kuyamba kumasula ndowa ndi katoni. Ataona kachitini ndi botolo, nkhope yake inasintha.

"Amalume, pepani. Amayi ali ndi matenda a shuga, ndi amene awononga masowa. Kuchipatala anawaletsa zotsekemera. Ngakhale tiyi amamwa wopanda kanthu."

Ndinakhala pansi, manja ali lende. Ndinali nditaphunzira ayisi, zipatso ndi kathiridwe, ndinasenza matambula m'matauni atatu, ndipo ndinafika nazo kwa munthu amene sangamwe. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Ndinayamba kubwezera tambula m'nyuzipepala yake.

"Mukulongedza chiyani?" anafunsa Elube. "Pangani. Maso ndiye apita, koma makutu alipo."

Ndiye ndinapanga, iye atakhala pansi patsogolo panga, ndikumuona m'maso. Ndinaziziritsa tambula mu ayisi. Ndinadula magalagadeya, fungo lake n'kudzaza khonde lonse, ndipo Elube anakoka mpweya nati, "Eya, fungo ndi lomweli." Ndinasefa, ndinabwezeramo nthanga zinayi, ndinaikamo zibulunga ziwiri. Ndinatsegula botolo, ndipo popendeketsa tambula dzanja linakumbukira lokha. Dirinki inatsetsereka m'mbali, zibulunga zinadzuka n'kuyandama, thovu linakwera n'kuima pakamwa penipeni pa tambula, osataya ngakhale dontho.

Elube anaitenga ndi manja awiri n'kuiika pakhutu. Anamvetsera nthawi yaitali.

"Ikunong'ona," anatero. Kenako anaibweretsa pafupi ndi diso lomwe linkaonako pang'ono. "Choyeracho ndi chimenecho? Chikuyandamadi. Ine ndinkayesa munkandinamiza nonse." Anatambasula dzanja. "Edesi, supuni."

"Amayi."

"Imodzi yokha. Ndaidikira iwe usanabadwe."

Edesi anandiyang'ana, anayang'ana amayi ake, n'kuwapatsa yekha supuni yaitali ija. Elube anatapa pamwamba penipeni, pomwe ayisikilimu anakumana ndi thovu ndi nthanga imodzi ya galagadeya. Anaika m'kamwa n'kutsinzina. Kenako anameza.

"Aa. Ndiye chifukwa chake munadya."

Ndinachita ngati sindinamve.

"Munali ndi choyera pachibwano, achimwene. Ndinachiona ndikungolowa pakhomo. Ndinamwa msanga madzi ofunda aja kuti amayi ayang'ane ine, asayang'ane inu."

"Ndiye zaka zonsezi umadziwa?"

"Nanga ndikanatani? Inu mumathawa supuni imodzi, ine ndimafuna mchimwene wanga."

Ndinalira, mwamuna wadazi, pamaso pa mwana wa mlongo wanga. Elube anandisiya ndilire, kenako anatuma Edesi kuti akatenge za pawindo. Edesi anabwera ndi mbale yovundikira ndi mbale inzake. M'katimo munali chidutswa cha chigumu, cholimba m'mbali.

"N'chadzulo," anatero Edesi. "Amayi akaphika chilichonse chabwino amati cha amalume chiikidwe padera. Ndinakula ndikuona mbale imeneyi. Nkhuku za pano zinanenepa ndi gawo lanu."

"M'nyumba muno sitidya chinthu osasungira amene wachoka," anatero Elube. "Tadyani, lero nkhuku zigone ndi njala."

Ndinayamba kudya, ndipo iye anayamba kundifunsa. Anafuna kudziwa za belu, za mayi wosadziwa kunong'ona, za mkulu wa kachisoti koyera, ndiponso chifukwa chomwe ndinatumizira khanda lopanda mano dengu la zinanazi. Iye anandiuza za alamu anga omwe sindinawaonepo, kuti ankaimba akamakonza njinga, ndipo chitenje chija ankachitcha chitenje cha mlamu wosaoneka. Mthunzi unachoka pakhonde n'kupita kuseri kwa nyumba ife tikadali pamkeka. Tambula ija tinaiiwala.

Elube ndiye anaikumbukira. Anapapasa pamkeka mpaka anaipeza, anaigwedeza pang'ono pafupi ndi khutu, ndipo sinanong'onenso. Munali madzi achikasu, ofunda, otha gasi. Anaikankhira kwa ine.

"Imwani, achimwene. Ndakusungirani."

"Nanga choyandamacho chili kuti?" ndinafunsa.

"Chasungunuka," anayankha msangamsanga, choyera chili pachibwano.

Ndinamwa onse, osasiya ngakhale dontho, ndipo ndinathokoza. Edesi anatola mbale ziwiri zija n'kukazitsuka, ndipo sanazibwezerenso pawindo.